Mayeso a Ivy

Lorraine ndi mwamuna wake Desmond anatenga Ivy ali ndi miyezi isanu kuti akhale mwana wawo. Tsopano mwanayo anali ndi chaka ndi miyezi iwiri, koma m'mawa uliwonse akamusiya kosungira ana mumzinda wa Duluth, ankalira mpaka kufiira nkhope. Ana ena ankangokwawira ku zidole osacheuka n'komwe. Nkhawa inkamudya Lorraine ngati chiswe. Ankaopa kuti mtima wa Ivy sunakhazikike pa iye, kuti sanamulandire ngati mayi ake.

Namwino wina wa kuchipatala anawatumiza kwa katswiri wa maganizo a ana. Lorraine atamva kuti kumeneko mayi amatuluka n'kusiya mwana kwa mphindi zingapo, anazitenga ngati mayeso a kusukulu. Sabata yonse ankayeseza: kumupatsa Ivy chidole, kenaka kuzemba monyang'ama. M'malo mozolowera, Ivy anayamba kumulondola mpaka kubafa.

"Mayi ake Ivy," anatero Desmond, "munthu sanayambe n'kulankhula komwe, inu mwayamba kale kumuwerengetsa? Mugulireni ndi pensulo yomwe."

"Inu sekani. Akalephera tichita manyazi tonse."

Tsikulo litafika, katswiri uja, Dokotala Lindqvist, anawalowetsa m'kachipinda kokhala ndi mipando iwiri, zidole pansi, ndi galasi loti amene ali kuseri amaona m'kati koma wam'kati sawaona. Ivy anasewera, akucheukira Lorraine pafupipafupi. Kenaka munalowa mayi wina wachilendo, ndipo Lorraine anauzidwa kuti atuluke.

Chitseko chisanatsekeke n'komwe, Ivy anali atayamba kale kulira. Wachilendoyo anamugwedezera kagalimoto kofiira, koma Ivy anakakankhira uko. Kuseri kwa galasi Lorraine anagwira pakamwa.

"Basi talephera," ananong'ona.

"Palibe wolephera kuno, mayi," anatero dokotala. "Lowani tsopano. Muime pakhomo, mumuitane dzina."

Ivy atangomva mawuwo anadzandira chothamanga, manja ali m'mwamba. Lorraine atamunyamula, mwanayo anabisa nkhope m'khosi mwake, anasisima kawiri, n'kukhala chete. Mphindi isanathe anali akuloza kagalimoto komwe anakana kaja, akufuna kutsika.

"Mwaona?" anatero dokotala pambuyo pake. "Ife chachikulu sitiyang'ana misozi ya pochoka. Timayang'ana zimene mwana amachita inu mukabwerera. Ana ena amachita ngati sanawaone mayi awo. Ena amakakamira koma akukankhanso, osatonthola. Amenewo timawathandiza limodzi ndi makolo awo, si mlandu ayi. Ndionanso kanema amene tajambulayu mofatsa, koma zomwe ndaona n'zoti Ivy anakufunani inuyo, mwamutonthoza, wabwerera kosewera. Mwanayu amakudalirani."

Lorraine analira ndi chimwemwe, osachitanso manyazi. Desmond anamupatsa kansalu kopukutira dovu la mwana, poti n'komwe kanali pafupi.

"Mayi ake Ivy, muwauzenso adokotala za kuzembazemba kuja," anatero Desmond.

Lorraine anaulula zonse, ndipo dokotala anaseka pang'ono.

"Chimenecho chokha musiye. Mukazemba, mwana amaphunzira kuti mayi akhoza kusowa nthawi iliyonse, ndiye amangokhala tcheru. Muzimutsanzika, n'kumuuza kuti mubwera. Alira ndithu, koma adzaona kuti mawu anu sapita pachabe."

Lolemba m'mawa Lorraine anagwada kosungira ana kuja, n'kumupsompsona Ivy pachipumi. "Ndapita ku ntchito, mwanawe. Ndibwera madzulo." Ivy analira monga mwa masiku onse, koma Lorraine anapita mtima uli m'malo. Madzulo atangotsegula chitseko, kamunthu kaja kanataya supuni n'kuthamangira m'manja mwake.

Makolo, mwana kulira mukamachoka si chizindikiro choti mwalephera. Musamuzembe, mutsanzikeni. Ndipo ngati muli ndi nkhawa, funsani a zaumoyo, osangovutika nayo mumtima.