Mitengo ya Malire ya Maame Obenewaa

"Iyo ndi yodulira nkhuni za kukhitchini," anatero Ampofo, akuloza sowo ya injini imene Twumasi anainyamula ndi dzanja limodzi. "Ife tikukalambula njira m'nkhalango, mphwanga, sikuti tikukasadza maluwa kwa abusa ayi."

Anali m'sitolo ya zitsulo ku Nkawkaw, kutatsala masabata awiri kuti Pasaka ikwane. Ampofo anali wapampando wa gulu la okwera njinga zamoto za matayala anayi. Twumasi, makaniko wa gululo, ndiye anapatsidwa ntchito yokonza njira ya mpikisano, makilomita makumi atatu okwera ndi kutsika mapiri a Kwahu. Ampofo ankafuna sowo yaikulu, ya mpeni wautali ngati mwendo wa munthu. Twumasi anakana. Anati chimenecho n'cholemera, sichikwana kumbuyo kwa njinga, chimamwa mafuta ngati chidakwa, ndipo alonda a nkhalango akakuona nacho amangoti ndiwe wocheka matabwa mozemba. Anayankhula nthawi yaitali mpaka mwini sitolo anayamba kumuvomereza ndi mutu. Twumasi anali munthu wotero, akayamba kupambana mkangano sankadziwa polekezera.

"Chabwino, tenga kanthu kakoko," anatero Ampofo pomaliza. "Koma ukakakumana ndi chimtengo chenicheni usadzandiimbire foni."

"Sindidzakuimbirani, achimwene."

Kwa sabata yathunthu kasowoko kanagwira ntchito yotamandika. Twumasi ankakamangirira kumbuyo kwa njinga, n'kumadula nthambi zogwera m'njira ndi timitengo totchinga pokhota. Madzulo ankatumizira anzake zithunzi, ndipo sankaiwala kufunsa ngati wapampando waziona.

Lolemba la sabata ya Pasaka kunagwa mvula yamkuntho. Lachiwiri m'mawa Twumasi anapeza chimtengo chotchedwa onyina chitagona chopingasa njira, pamalo pamene njirayo inkadutsa pakati pa phompho ndi minda ya koko, mbewu yopangira chokoleti. Thunthu lake, ngakhale chigonere choncho, linkamufika pachipumi. Analowetsa mpeni wonse wa sowo mpaka kuchigwiriro, koma sanafike ngakhale pakati. Anayesa kwina, tcheni chinatentha n'kuyamba kufuka. Anazimitsa injini n'kukhala pansi, thukuta lili kamukamu.

Kumanzere kunali phompho. Kumanja kunali minda iwiri: wakumtunda wa mayi ake, Maame Obenewaa, ndi wakumunsi wa Opanyin Darkwa. Munda wa mayi akewo unali wochokera kwa agogo aakazi, ndipo unkayembekezera ana a mlongo wa Twumasi, monga mwa mwambo. Banja lonse linkadya pamenepo. Pakati pa minda iwiriyo panali mzere wa ntome, mitengo yopyapyala ya masamba aatali imene anthu amadzala m'malire chifukwa siifa wamba, ndipo ngakhale kachidutswa kake ukakazika pansi kamaphuka. Ntome sadula. Twumasi anakulira ku Accra kwa bambo ake, koma zimenezi ankazidziwa bwino lomwe.

Ankadziwanso kuyeza njira ndi maso. Koko wa mbali zonse ziwiri anasiya mpata m'mphepete mwa mzerewo. Ntome zitachoka, njinga ziwiri zikanadutsa mogundana mapewa n'kukalowanso m'njira yakale kuseri kwa chimtengo chija.

Ali chiyang'anire, kunatulukira Opanyin Darkwa, chikwanje chili m'khwapa. Anali mkulu wa nkhope yofatsa, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga pemphero. Anazungulira chimtengocho, anayang'ana kasowo, ndipo anaseka chapansipansi.

"Mwana wa Obenewaa, wabwera kudzasenda njovu ndi kalezala?"

Twumasi anafotokoza vuto lake. Mkuluyo anamvetsera, kenako analoza mzere wa ntome ndi nsonga ya chikwanje. Anati iye sakuonapo chovuta. Anati iye ndi Obenewaa akhala anansi zaka makumi anayi osalozana chala, koko wawo anadzala chaka chimodzi, mbande zochokera pamalo amodzi.

"Malire ali mumtima, mwananga, mitengo n'chikumbutso chabe. Dula. Zidutswazo anyamata anga akusungira pamthunzi. Mpikisano ukatha tidzazizika m'maenje omwewo, iwe ndi ine, mayi ako asanabwere n'komwe. Kapena ukufuna alendo ochokera ku Accra adzabwerere panjira chifukwa cha mtengo umodzi?"

Maame Obenewaa anali ku Kumasi kwa mwana wawo wamkazi, akuchira atachitidwa opaleshoni ya diso. Foni inali m'thumba la Twumasi. Akanatha kuimbira mayi ake. Akanathanso kuimbira Ampofo, amene akanapeza sowo yaikulu tsiku lomwelo, n'kumuseka mpaka Khirisimasi. Anaitulutsa foniyo, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Manyazi ndi amene anamugwira, osati china.

Ntome makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri zinagwa ola lisanathe. Kasowoko pa mitengo yotere kanali katswiri. Koma kudula kokha sikunali kokwanira, chifukwa okwera njinga zimenezi ali ndi lamulo lawo: chitsa, ngakhale chachifupi ngati chala, sachisiya m'njira. Chikakola pansi pa njinga yothamanga, munthu amauluka n'kukathyoka khosi. Choncho Darkwa anabwereketsa antchito ake awiri, ndipo pofika Lachinayi zitsa zonse zinali zitazulidwa, maenje atakwiriridwa, nthaka itasalazidwa. Twumasi anadutsapo kawiri pa liwiro ndipo anakhutira. Inali ntchito yaukhondo.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo la sukulu pamene mpikisano unkayambira. Njinga makumi anayi zinazungulira njirayo katatu, mvula ikuwaza, ndipo pamene panali ntome panasanduka mtsinje wa matope ofika m'mawondo. Palibe anavulala. Popereka mphoto, Ampofo anatamanda makaniko wawo, n'kumupatsa chokuzira mawu kuti athokoze amene anathandiza. Twumasi anaona akuluakulu a m'tauniyo atakhala kutsogolo, ena a iwo abale a mayi ake. Sakanatha kutchula malire pamaso pa anthu amenewo.

"Tithokozenso Opanyin Darkwa," anatero, "amene anatilola kudutsa pakati pa munda wawo pamene mtengo unatitsekera njira."

Anthu anawomba m'manja. Darkwa anaimirira, anagwira nsalu yake paphewa, n'kuwerama mbali zonse.

Twumasi ankafunadi kukazika ntome Lolemba lotsatira. Koma mpikisano unasiya njinga zothyoka zitadzaza pagalaja pake, eni ake akufuna kubwerera kwawo. Sabata inatha, inzake inatsatira. Atakumana ndi Darkwa pamsika, mkuluyo anamuuza kuti asadandaule, matope ayambe auma kaye. Twumasi anamva zimene ankafuna kumva.

Maame Obenewaa anabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. M'mawa mwake anapita kumunda, ndipo dzuwa lisanakwere anatumiza uthenga woti mwana wawo abwere msanga. Twumasi anawapeza ataima pakati pa koko wawo, atagwira mtengo kuti asagwe. Patsogolo pawo panali mzere wa ntome, wowongoka bwino, mtengo uliwonse utatulutsa masamba anthete. Mzerewo unali mapazi makumi atatu kumtunda kwa pamene unkakhala. Mizere inayi ya koko wobereka kwambiri, pamodzi ndi kasupe amene ankathirira mbande m'chilimwe, zonse zinali tsidya la Darkwa.

"Diso langa ndi limene likundinamiza, kapena mitengo yayamba kuyenda?" anafunsa mayiwo.

Twumasi anawauza zonse, ataweramitsa mutu. Sanamukalipire. Anangofunsa ngati panali munthu wina wa banja lawo pamene ankadula, ndipo atayankha kuti ayi, anafunsa ngati anasiyako chitsa ngakhale chimodzi. Anayankhanso kuti ayi. Tsiku lonselo Twumasi anakumba m'matope ouma aja kufunafuna muzu woti ukhale mboni, koma matayala anali atatakasa nthaka yonse ngati phala.

Mlandu unakambidwa Lachisanu m'mawa pakhonde la nyumba ya banja, pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Darkwa anayankhula mofatsa monga mwa nthawi zonse. Anati iye analoleza anyamata kudutsa m'munda mwake chifukwa cha chifundo. Mpikisano utatha anadabwa kupeza ntome za m'malire, kumtunda kwa njirayo, zitadulidwa ndi makina, zitsa zitazulidwa, zidutswa zitatayidwa patchire. Anati sakufuna kunena kuti mwana wa mnansi wake ankafuna kutsitsira malire panjira ya njingayo, Mulungu ndiye akudziwa. Iye anangotola zidutswazo n'kuzibwezera m'malo mwake kuti pasakhale mkangano. Antchito ake awiri anavomereza mawu ndi mawu.

Ampofo anaitanidwa. Ananena zoona zokhazokha, kuti iye kumaloko sanapiteko mpikisano usanachitike, ndipo za chimtengocho anazimva zonse zitatha kale. Potuluka sanamuyang'ane Twumasi.

Twumasi anaimirira n'kufotokoza mmene zinayendera, kuyambira pa chimtengo mpaka pa lonjezo la Darkwa. Anatulutsa foni kuti aonetse mzere wa njira pa mapu. Mkulu amene ankatsogolera nkhaniyo, nkhalamba yowonda ya ndevu zoyera, anakankhira foniyo pambali ndi kuseri kwa dzanja.

"Kumene njinga zinadutsa tikukudziwa, matope ake alipo. Ndikufunsa ziwiri zokha. Ntome unadula ndiwe?"

"Ndine, agogo."

"Amene anauza tauni yonse pa chokuzira mawu kuti njira inadutsa pakati pa munda wa Darkwa ndani?"

"Ndine."

"Ndiye ife tikhulupirire pakamwa pati, pa Loweruka lija kapena pa lero?"

Twumasi anakhala pansi. Amene anadzala ntome zoyambazo onse anali kumanda. Ena mwa akuluakuluwo ankaoneka kuti mumtima akudziwa chilungamo, ndipo mmodzi anapukusa mutu n'kunong'ona kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Koma wodula ntome mawu ake salemera pa nkhani ya malire, ndipo mwambo umati malire ali pamene ntome yamoyo yaima. Anagamula motero. Twumasi anauzidwa kuti abweretse nkhosa yopepesera nthaka, ndipo Darkwa, mwaulemu wake, anapempha kuti mnyamatayo asamulange kwambiri.

Panjira yobwerera Twumasi analankhula za kubwalo la milandu la boma, za anthu oyeza malo, za loya wina amene iye ankamukonzera njinga. Mayi ake anamusiya alankhule mpaka anatopa. Kenako anamukumbutsa kuti mundawo ulibe pepala, ndipo anamufunsa kuti woweruza wa boma akadzafunsa mafunso awiri omwe aja adzayankha zotani.

M'mawa mwake Maame Obenewaa anamudzutsa kuti awaperekeze kumunda. Anakana kukwera njinga, choncho anayenda wapansi, mayi patsogolo ndi chikwanje, mwana pambuyo. Tsidya la mzere watsopano antchito a Darkwa anali atayamba kale kutengulira koko uja, akuimba. Mayiwo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mitengo ya koko imene anaidzala ndi manja awo ali ndi pakati pa Twumasi yemweyo. Misozi inkatsika m'diso lochiralo, ndipo sanaipukute.

"Ndikadzafa," anatero, "ana a mlongo wako adzabwera kwa iwe, malume awo, kuti uwaonetse malire. Udzawaonetse awa."

"Mayi, awa si malire athu."

"Udzawaonetse awa, ndatero. Akale aja usadzawatchule, ngakhale utaledzera. Sindikufuna zidzukulu zanga zidzatemane ndi a kwa Darkwa chifukwa cha nthaka imene sizingaibweze. Zimene ukudziwazo ndi katundu wako, usenze wekha."

Anamupatsa chikwanje. Mwambo umati aliyense azilambula udzu kumbali yake ya ntome, kuti malire azioneka. Twumasi anawerama n'kuyamba kusenga udzu m'munsi mwa mtengo woyamba, mosamala kuti asaukhudze khungwa, ndipo mayi ake anaima pambuyo pake mpaka anafika kumapeto kwa mzere.