Chithunzi cha a Julio

Sikilini idasandukanso yabuluu, laputopu n'kuzima yokha. Memory adagwila m'mutu.

"Munaichita chiyani?" adafunsa Olipa, mayi wokonza makompyuta pafupi ndi msika wa Petauke.

"Ndinalumikiza pulinta yobweleka. Inapempha dalaiva, kapulogalamu koiyendetsa, ine n'kuika. Kuyambila pamenepo ikungotele."

Atate ake a Memory, a Julio, adamwalila dzana. Moyo wawo wonse ankajambula anthu pa maukwati ndi maubatizo ku Nyimba, ndipo zithunzi zawo zinali m'laputopu imeneyi. Kuika malilo kunali mawa lake ku Luembe, koma amai ake adanenetsa kuti bokosi silituluka popanda chithunzi cha amuna awo pamwamba. M'nyumba monse munalibe ngakhale chimodzi.

"Njila yachangu ndi kufufuta zonse," adatelo Olipa. "Koma zithunzi zipita."

"Fufutani," adayankha a Felix, mng'ono wa malemu, ali chiimile pakhomo. "Galimoto ya bokosi ikutidikila. Anthu adzaza kumudzi, ife tili pano kulilila makina!"

"Atate aang'ono, mukafufuta ndiye kuti mwawakwilila kawili," adatelo Memory.

A Felix adatuluka. Memory adagwada pasimenti.

"Amai, chonde. Yesani njila ina iliyonse."

Olipa adaiyatsa, kuizima, kuiyatsanso, mpaka idalola kudzuka popanda madalaiva ongoikidwa kumene. Adachotsa ya pulinta ija. Atayatsanso, mtundu wabuluu uja sudabwelele.

Memory adayamba kufunafuna chithunzi cha atate ake. Akwati, makanda, ana a sukulu, nkhalamba zomwe zidathawa nkhondo ku Mozambique pamodzi ndi atate ake. Panja hutala ya galimoto ya bokosi idalila. Adapitiliza, misozi ikugwela pamabatani. Nyimba yonse inalimo, koma a Julio munalibe.

A Felix adalowanso atakwiya, koma adangoima. Pa sikilini panali iwo eni, atavala suti tsiku la ubatizo wa mwana wawo. M'mphepete mwa chithunzicho mudalowa dzanja la wojambula, lachipsela cha moto pachala, likuwongola kolala yawo.

"Dzanja la akulu anga," adatelo a Felix. "Ankati munthu sajambulidwa kolala itapindika. Ana ake adzamuona choncho mpaka kalekale."

Hutala idalilanso. A Felix sadacheuke.

"Pulintani chimenechi, amai. Mlamu alidziwa dzanja ili."

Pepala likutuluka, a Felix adakweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuwongola kolala ya malaya a Memory.