Phazi la Amake Tsabola

Tandimasulileni ichi, inu amene mumati munatha mabuku: ndi mayi uti amalowa m'nyumba zonse kuyambila ku Nyimba mpaka ku Petauke osaodila, n'kumakalipila amuna a eni ake, eni akewo akuomba m'manja, koma nkhope yake palibe anaionapo? Mwalephela? Lekani kukanda mutu, mungathothole katsitsi kotsalako. Ndi Amake Tsabola, mwini chigayo wa mu sewelo lija la pa wailesi, la pa Sondo masana.

Mayi ameneyu kulibe, ndi mawu chabe otuluka m'kabokosi. Koma pakamwa pake mpamoto. Mwamuna waulesi akafika pa chigayo chake atasenzetsa mkazi thumba, iye manja m'matumba, amamupilikitsa ndi ambulela mpaka kumseu. Tsono poti alibe nkhope, aliyense anamupatsa yake. Okonda seweloli anatsegula gulupu pa Watsapu n'kumatumizilana zojambula zawo. Wina wa kwa Nyalugwe anamujambula pa katoni ya sopo, wonenepa ngati nkhokwe. Mphunzitsi wina anamuveka magalasi, anthu n'kumukana onse: magalasi pa chigayo, ndi fumbi la ufa lija?

Dainess wa kwa Ndake analibe pepala ngakhale pensulo. Anali ndi khoma. Thonje litatha kuthyoledwa, azimayi akuzila nyumba zawo, anzake akuika maluwa ndi mizele, iye anasonkhanitsa katondo, makande a kudambo, phulusa, ndi dothi lachikasu la pa gomo la mtsinje pamene ankapadziwa yekha. Masiku atatu akupaka ndi zala zake, Amake Tsabola anaimilila pa khoma, utali ngati chitseko: ambulela m'mwamba, dzanja lina m'chiuno, thumba la ufa pambali, kuphazi kopanda nsapato. Mng'ono wake Rachael anajambula ndi foni n'kuponya pa gulupu.

Tsiku limenelo foni inalila ngati anapiye. "Ndi yemweyu!" "Ngati alankhula!" Dainess akupeta chimanga, Rachael akumuwelengela, mtima uli myaa. Kenaka Rachael anayandikitsa foni kumaso.

"Sisi, wina wa ku Msanzala walemba kuti tiwelenge zala za phazi lamanzele."

Dainess anasiya lichelo n'kupita kukhoma. Anawelenga. Anabwelezanso, akugwila chala chimodzichimodzi. Zisanu ndi chimodzi.

"Mayo ine, ndafa!"

Ku Msanzala konse munthu wa zala zisanu ndi chimodzi kuphazi lamanzele ndi mmodzi yekha: a Bernadette Daka, amake a Conrad, mwamuna wa Dainess. Apongozi ake enieni. Anabadwa nako kachala kapambaliko, ndipo amakabisa m'nsapato za nsalu ngakhale popita kuchitsime, amavula pakhomo pawo pokha. Onse amadziwa, palibe amatchula. Nanga Dainess anakadziwa bwanji? Atangokwatiwa anakhala kumeneko zaka ziwili, ndipo mukudziwa inu, mpongozi wolemekeza sayang'ana apongozi kumaso. Amagwada, maso pansi. Zaka ziwili za kugwada! Nkhope ya apongozi ankaidziwa mwa apo ndi apo, koma mapazi ankawadziwa ngati njila ya kumunda. Mutu unkajambula Amake Tsabola, zala zikujambula zimene zinazolowela.

Conrad atabwela kumunda anaima pakhomapo nthawi yaitali, khasu likadali paphewa.

"Amake Lillian," anatelo, poti mwana wawo woyamba ndi Lillian, "amai anga mwawasandutsa mayi wolongolola wa pa chigayo? Dziko lonse likuona?"

"Sindinadziwe, atate ake Lillian. Ndizila pompano, ndifafanize."

"Muzilanso mafoni a anthu?"

Asanamalize, foni ya Conrad inalila. Anamvetsela, akungoti inde amai, inde amai, n'kutseka.

"Akubwela pa Chiwelu. Akuti khomalo asalikhudze munthu."

Dainess anakhala pansi pomwepo. Zaka zisanu ndi zitatu osayambanapo ndi apongozi, osawadutsa kutsogolo, osawayankha mokweza, lelo zonse zithele pa kachala kamodzi ka dothi. Ankaona kale ankhoswe atakhala pansi pa mtengo, iye ali pakati. Anatenga mphasa n'kuipachika pakhomapo, ngati kubisa kungachepetse mlandu.

Ndiye kunatulukila a Eustace. Awa ndi olemba zikwangwani ku Nyimba, aja amalemba maina pa magolosale ndi kumbuyo kwa ngolo, shati yoyela tsiku lililonse, bolopeni zitatu pathumba. Ataona kuti chithunzi chatchuka, analemba pa gulupu kuti ntchitoyo ndi yawo. Akuti azimayi a kwa Ndake anawapempha, iwo n'kuwachitila chifundo. Akuti dzanja lotele silipezeka kumudzi.

Rachael anaimilila ngati waponda moto. "Wabodza uyu! Sisi, ndimuyankhe?"

"Usayelekeze. Wafuna uchi, atenge ndi njuchi zomwe."

Anatelo Dainess, koma mumtima munamuwawa. Masiku atatu aja, msana kuphwanya, zala kusupuka, lelo akudyela ndi munthu wa bolopeni zitatu. Komabe pakati pa kutamandidwa ndi kusunga ulemu kwa apongozi, Dainess anasankha kutseka pakamwa.

Pa Chiwelu dzuwa lili pamutu, njinga zamoto ziwili zinaima pabwalo. Pa yoyamba panatsika a Bernadette, chitambala chomanga kolimba, nsapato za nsalu kuphazi, tambala wamkulu wofiila m'khwapa. Pa yachiwili panatsika a Eustace, akudzikuntha fumbi. Apongoziwo anali atawatola ku Nyimba. Anangofika pa kashopu kawo n'kufunsa kuti, kodi wojambula uja ndinu? A Eustace ataona tambala anavomela msanga.

Dainess anagwada patali ndithu n'kupeleka moni. Apongozi anayankha mwachidule. Azimayi a pamudzi anali atayamba kale kufika, wina ngati akudzapempha moto, wina ngati akufuna nkhuku yosochela.

"Chotsani mphasayo," anatelo a Bernadette.

Conrad anaichotsa. A Bernadette anayang'ana kuyambila pa ambulela, kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Kenaka anapatsila Conrad tambala, anawelama, navula nsapato yamanzele pamaso pa anthu onse, n'kuika phazi lawo pafupi ndi la pakhoma. Mapazi awili, mayi mmodzi.

"Bambo," anatembenukila kwa a Eustace, "phazi ili munaliona kuti?"

"Amai, diso langa ndi kamela. Ndinakuonani kamodzi kokha pa msika wa Petauke, basi zinalowa."

"Pa msika? Ine wopanda nsapato pa msika?"

"Iyayi, munavala. Koma waluso amaona ndi za m'kati mwa nsapato zomwe."

Mayi wina kumbuyo anati, "Ndiye tizimanga zitenje ziwiliziwili akamadutsa awa," anzake n'kubisa nkhope m'manja.

A Bernadette sanaseke. "Nanga utoto wokongola chonchi munaugula kuti?"

A Eustace anakonza kolala. "Uwu ndi penti wa ku Lusaka, amai, wamafuta. Sapezeka wamba. Mvula igwe zaka khumi, sasuntha. Mukhoza kuchapa ndi sopo."

"Oho. Apongozi, tandipatseniko madzi akumwa."

Dainess anathamanga, nabwela ndi kapu, nagwada, maso pansi monga mwa masiku onse. Apongozi analandila kapu ndi dzanja limodzi, linalo n'kumugwila pamkono. Anatembenuza dzanja lake n'kuyang'ana zikhadabo. Dothi lachikasu lija silimva sopo, linali likadali m'mbali mwa zikhadabo zonse. Dainess anatsinzina. Basi, kwatha.

Koma apongozi anangomusiya. Anamwa pang'ono, otsalawo n'kuwakhuthulila pa thumba la ufa lija la pakhoma. Khwaa! Thumba linayamba kulila misozi yoyela ndi yofiila, kutsetseleka mpaka pansi.

"Aa! Penti wa ku Lusaka wasanduka phala," anatelo a Bernadette. "Kapena ku Lusaka nako akumba pa mtsinje wa kwa Ndake?"

Azimayi anaphulika.

"Ine ndazila nyumba kuyambila ndisanamele mabele, bambo. Dothi ndimalidziwa ndi pa foni pomwe. Ndimangofuna ndione bodza lanu likafika pati." Kenaka anatembenukila kwa Dainess, amene anali akadagwada. "Inu apongozi, tadzukani. Tandiyang'anani kumaso, lelo lokha."

Dainess anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anapeza nkhope ikumwetulila, ndi kampata pakati pa mano kamene sanakaonepo zaka zonsezi.

"Pepani amai, sindinachitile dala. Manja anangopita okha."

"Pepani wa chiyani? Mukudziwa kuti ine pa Sondo ndimathawa miseche ya pa tchalitchi kuthamangila wailesi? Amake Tsabola ndi munthu wanga! Zimene amawauza amuna aulesi ndi zimene ndakhala ndikuwauza atate ake Conrad zaka makumi anayi, kungoti ine ndilibe ambulela. Manje ku Msanzala konse akuti Amake Tsabola waimila pa mapazi anga. Mailo, dzulo lomweli, ndinapita kuchitsime wopanda nsapato, azimayi akundipatsa njila!"

"Simunakwiye, amai?"

"Ndinakwiya nditamva kuti wajambula ndi mwamuna wa ku Nyimba. Ndinati, ameneyu wandisuzumila kuti? Koma mumtima ndinadziwa. Kachala aka kamapindikila kunja, ndipo apa kapindikila kunja. Amadziwa zimenezo ndi munthu mmodzi, amene wandigwadila mpaka kuloweza." Anayang'ananso pakhoma n'kukwinya mphuno. "Koma akakolo mwandimana. Anga ndi onenepa kuposa apa. Mukamakonza thumbalo muwonjezeleko."

Dainess anafuna kuseka, anafuna kulila, zonse zinatulukila pamodzi. Mwala umene unakhala pachifuwa chake kuyambila tsiku lowelenga zala lija unagubuduka. Conrad naye anapumila m'mwamba ngati ng'ombe yomasulidwa pa goli.

"Tambalayo mpatse mkazi wako," anatelo a Bernadette. "Ndinatengela mwini manja."

A Eustace, poona tambala akupita kwina, anayesa kutola ulemu wotsala. "Kunena zoona, amai, ine ndinangowapatsa malangizo. Pa foni. Mwaona mmene ambulela yakhalilamu, ameneyo ndi ine."

"A Eustace," anatelo Rachael, "nambala ya asisi ndi chani?"

"Ili m'foni ina."

"Asisi alibe foni."

Pamenepo tambala, kaya naye anatopa ndi bodza, anapulumuka m'manja mwa Conrad, phaphapha, kulunjika pa bolopeni zitatu zija. A Eustace anabwelela chafutambuyo, msana n'kukamata pakhoma, pa malo onyowa pomwe paja. Atachokapo, shati yoyela inali itanyamula theka la thumba la Amake Tsabola, katondo ndi phulusa kuyambila paphewa mpaka m'chiuno.

"Musadandaule bambo," anakuwa a Bernadette, nsapato ili m'manja, "ndi wa ku Lusaka ameneyo! Zaka khumi sachoka!"

Azimayi anagwa pansi ndi phwete, wina kugwila mnzake, wina kupukuta misozi ndi chitenje. Wa njinga yamoto anakana kuwakweza mpaka shati iume, akuti angamuipitsile mpando. Ndiye a Eustace anaima padzuwa, msana kuloza kumwamba ngati chinangwa choyanika, Rachael akuwazungulila ndi foni. Asanafike n'komwe ku Nyimba, chithunzi chinali kale pa gulupu, pansi pake atalemba kuti: ntchito yoyamba ya a Eustace ya dothi, ajambula ndi msana.