Dzenje la Nambala 83

Ntchito yanga inali yoyendayenda m'chigawo chonse ndi kamakina ka GPS, kulemba migodi ndi malo oswera miyala, ogwira ntchito ndi otsekedwa omwe, kuti ofesi yathu itulutse mapu atsopano. Ndikafika pamalo ndinkadina batani, kujambula chithunzi, n'kudzaza fomu: mtundu wa mwala, kuya kwa dzenje, ngati akukumbabe kapena ayi.

Migodi ya masiku ano sinavute, fumbi ndi malole zinkandilondolera zokha. Yakale ndiyo inandizunguza mutu. Kampani imene inkakumba malasha kuseri kwa phiri inachoka ine ndisanayambe sukulu, ndipo mafayilo ake anadyedwa ndi chiswe. Choncho ndinapempha bambo anga, amene anakumba kumeneko zaka khumi ndi zinayi n'kutulukako ndi chifuwa chosatha, kuti akandionetse.

"Lero mwakumbukira kuti kuli maenje?" anatero akukwera galimoto. "Ine ndimayesa onse ndinabwera nawo m'mapapo muno."

Dalaivala anaseka mpaka kukhosomola nawo limodzi.

Tsiku limenelo anandionetsa maenje asanu ndi limodzi. Ankayenda pang'ono, kuima atagwira mawondo, kenako kuloza patchire ndi ndodo. Paliponse pamene analoza ndinkapezapo simenti kapena njanji yadzimbiri. Lomaliza linali m'munsi mwa chitunda, pakhomo pake patamatidwa konkire wong'aluka ndi mizu. Bambo anavula chipewa.

"Apa ulembe bwino, mwanawe. Bambo ako aang'ono ali m'katimu."

Ndinkadziwa kuti mng'ono wawo anafera kumgodi, koma ndinkayesa ali ndi manda kwinakwake. Anandifotokozera atakhala pamwala. Denga linagwa m'mawa, anthu asanu ndi awiri ali m'kati. Anzawo anakumba masiku awiri. Tsiku lachitatu manijala anati malasha a mbali imeneyo anali atatha kale, n'kuitanitsa simenti.

"Tinkamva kugogoda," anatero. "Wilibala ya konkire ndinkakankha ndine. Wokana ankachotsedwa ntchito pomwepo, ndipo iwe unali ndi miyezi inayi."

Ndinalipatsa dzenjelo nambala 83. Kuseri kwa fomu ndinalemba mayina onse asanu ndi awiri, bambo akutchula limodzilimodzi osakayika ngakhale pang'ono.

Patatha sabata abwana anandiitana. Fomu ija inali patebulo, kapu ya tiyi itaikidwa pamwamba pake.

"Mayi, izi n'chiyani? Muno timalemba miyala, osati maliro."

"Ndi mgodi, bwana. Ulipo, ndauona ndi maso anga."

"Muli ndi chikalata cha ngoziyo?"

"Ndili ndi mboni."

"Mboni yake bambo anu? Okalamba amakumbukira zambiri, zina zoti sizinachitike n'komwe."

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Chitunda chonsecho chinali chitadulidwadulidwa timabokosi. Malowo anali ataperekedwa kale kwa kampani yomanga nyumba, mapuloti mazana atatu.

"Mukaikapo dzenje apa, palibe amene amange. Mukawonjezapo mitembo, tikhala tikuyankha mafunso chaka chonse." Anamwa tiyi. "Kontirakiti yanu ikutha mwezi wamawa, eti? Ine ndimafuna ndikulembeni ntchito yokhazikika. Mumagwira bwino."

Ndinabwerera patebulo langa n'kukhala ndikuyang'ana kadontho kofiira ka dzenje lija pakompyuta mpaka anzanga onse anapita kukadya. Ndili ndi ana awiri, mwamuna ndilibe, ndipo bambo amapuma ndi mankhwala ogula. Ndinakafufuta kadonthoko. Nambala 84 inasanduka 83, zina zonse n'kutsatira zokha. Sizinatenge ndi mphindi yomwe.

Mapu anakhazikitsidwa kuhotela, anthu anaomba m'manja, dzina langa lili m'munsi pakati pa amene anawapanga. Kunyumba ndinawabisa pamwamba pa kabati, koma bambo anawapeza. Ndinapeza atawayala pabedi, magalasi ali pamphuno, chala chikutsata mtsinje, msewu, phiri. Chinaima pachitunda paja. Panalibe kanthu.

"Kapena ndi maso angawa?"

"Si maso, bambo."

Anawapinda mapuwo bwinobwino potsata mizere yake, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupatsa mlendo.

"Zaka makumi atatu sindinauze munthu, ngakhale mayi ako. Ukanangondisiya kunyumba."

Sanayambenso nkhaniyo. Ankandipatsa moni, kusewera ndi adzukulu awo, kundithokoza ndikawabweretsera mankhwala, koma kundiyang'ana m'maso anasiya. Anamwalira nyengo yozizira isanathe.

Panopa ndili ndi ofesi yangayanga komanso mpando wozungulira. Kuchitunda kuja nyumba zafika pamalata. Dzulo mlembi wathu, mayi wa ana atatu, anabwera akumwetulira kudzandiuza kuti wapeza puloti kumeneko.

"Inu munayendako, achemwali. Nthaka yake ndi yolimba?"

Ndinamuuza kuti akaone pamapu.