Khadi Loyamba m'Bokosi la Chrissie

Chrissie anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, chikuku chitadutsa mu komboni ya Kalingalinga ku Lusaka, ndipo kuyambira pamenepo anthu anakhala akumuthira chisoni chimene iye sanawapemphe. Ntchito anaipeza yekha. Zaka khumi ndi zitatu anakhala pa makina olumikiza mafoni ku kampani ya boma yogulitsa mbewu ndi feteleza, mpaka mawu a oyang'anira madepoti, kuyambira ku Chipata kukafika ku Mongu, ankawazindikira munthu asanatchule dzina.

Kenako boma linayamba kugulitsa makampani ake ngati nkhuku za pa Khirisimasi. Eni atsopano, amene ankalamula ali ku Joni, anazula makina a mafoni aja n'kuika foni pa tebulo la aliyense. Anzake awiri a Chrissie, oona bwinobwino, anapatsidwa makalata owachotsa ntchito. Iye anapulumuka chifukwa cha kabokosi. Bungwe lina lothandiza anthu osaona linali litamuphunzitsa kompyuta, n'kumusiyira kabokosi kolankhula pamodzi ndi pulogalamu yake pa disiketi. Kabokosiko kankawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pa galasi la kompyuta, ndi mawu a mzungu wodwala chimfine. Ndi mawu amenewo Chrissie ankalandira maoda a kumadepoti pafoni n'kumawalemba, mwachangu kuposa ena onse. Popanda mawuwo kompyuta inali chitsulo chofunda basi, ndipo iye anali mayi wosaona woyembekezera kalata yake.

Vuto linali lakuti mawuwo anali ndi mtima wapachala. Munthu akasintha kanthu kamodzi mu kompyuta osawapempha, ankangoti zii. Chrissie anaphunzira zimenezi tsiku limene Lazarous, wokonza makompyuta pa kampanipo, anabwera akuimba mluzu n'kumuikira pulogalamu yolembera yatsopano. Lazarous anali wa ku Kitwe, munthu wa pakamwa pokoma, woti akakupondani phazi inuyo ndi amene mumapepesa. Mawu anasowa masiku atatu. Pofuna kubwezeretsamo pulogalamu yakale, Lazarous sankakumbukira kuti yakaleyo inali nambala yanji, ndipo Chrissie anakhala masiku onsewo manja ali pa miyendo, akumva nsapato za mabwana zikuchepetsa liwiro podutsa pa tebulo lake.

Kuyambira pamenepo anayamba kusunga makadi. Mwamuna wake Nason, kalipentala wa m'mbali mwa msewu mu Kalingalinga, anamukhomera bokosi la zidutswa za mtengo wa mukwa, chivundikiro chake chotsetsereka. Pulogalamu iliyonse inali ndi khadi lake, lobowoledwa timadontho ta anthu osaona: dzina, nambala yake, tsiku limene inaikidwa. Pansi pake ankawonjezera zimene anaziona ndi msana wake, kuti iyi sigwirizana ndi iyi, iyi uyambe kuika isanabwere inzake. Lazarous akangofika ndi disiketi, Chrissie ankaphimba makiyi a kompyuta ndi manja onse awiri mpaka atamuuza nambala. Khadi loyamba m'bokosimo linali la mawu aja, nambala 1.2, Meyi 1996.

Anzake ankamuseka. "Ba Chrissie na vikadi vao, monga ni ku chipatala." Iye ankangobowola.

Mu Novembala 1999 kunabwera mantha. Wailesi inkati chaka cha 2000 chikangolowa makompyuta onse akale adzasokonezeka mutu, ndege zidzagwa, magetsi adzathima. Za magetsizo anthu a mu Kalingalinga anaseka, popeza awo ankathima osadikira chaka chatsopano. Koma ku Joni sanaseke. Mayi Virginia, amene eni kampani anamuika kukhala woyang'anira ofesi, analandira fomu yofuna dzina ndi nambala ya pulogalamu iliyonse mu kompyuta iliyonse, pofika Lachisanu. Fomuyo anaiponya pa tebulo la Lazarous.

Lachiwiri masana Chrissie anamva mpando ukukokedwa pambali pake, ndi fungo la thukuta losakanikirana ndi fodya.

"Ba Chrissie, nafa ine," anatero Lazarous motsitsa mawu.

"Nichani futi?"

"Ba madamu bafuna manambala ya vonse. Ine nilibe olo pepala imozi. Makompyuta twente-foo, masiku yatatu. Bakaziba, ni ritrenchi, nchito yasila. Bana banga bali mu sukulu, ba Chrissie."

Onse awiri ankadziwa kuti Lazarous, chifukwa cha ulesi, ankaika chinthu chimodzi m'makompyuta onse tsiku limodzi. Choncho bokosi la Chrissie linali mbiri ya ofesi yonse. Akanatha kumuuza kuti adye zimene anaphika. Koma anakumbukira mmene kalata imamvekera ikamaikidwa pa tebulo la munthu, ndipo anatsetsereza chivundikiro.

Tinene zoona, si chifundo chokha chimene chinamugwira. Kunyada kunalipo. Masana atatu otsatizana, nthawi ya chakudya, Chrissie ankawerenga makadi ndi zala, Lazarous akulemba ngati mwana wa sukulu, ndipo aja ankaseka vikadi anaima mozungulira akumvetsera. Zaka zonsezi ankamuyesa munthu wosungidwa pa ntchito mwa chisoni, lero ofesi yonse inali m'manja mwake. Anawerenga bokosi lonse osadumpha, chifukwa mndandanda wosakwanira unali kwa iye ngati malaya opanda batani limodzi. Anawerenganso khadi loyamba.

"Iyi ili mu yanga chabe," anatero. "Lembani kuti osagwirako. Ikachoka iyi, nachoka na ine."

"Nalemba, ba Chrissie. Na bolopeni yofiira."

Madzulo a Lachisanu Nason anabwera kudzamutenga monga mwa masiku onse, utuchi uli m'malaya. Ankayenda wapansi, dzanja la Chrissie lili pa chigongono chake, mpaka phokoso la owotcherera mageti litawauza kuti afika kwawo. Chrissie analongosola nkhani yonse akuseka. Nason anamvetsera mpaka pa ngalande ya pafupi ndi kantemba ka mafuta ophikira.

"Vonse mwabauza, amake Tiwo?"

"Vonse."

"Na ija ya mawu?"

"Nayo. Nanga nibise chani? Sininabe."

Nason anamudutsitsa pa thabwa la pa ngalande. Anali munthu woti akaona mng'alu m'thabwa amangoliika pambali, sachita kulilalatira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umenewu sanaunene, ndipo mwina akanaunena sukanathandiza, popeza fomu inali itapita kale.

Yankho la ku Joni linabwera kumayambiriro a Disembala. Makompyuta ambiri, anati, angofunika kachigamba kakang'ono. Koma kompyuta iliyonse yokhala ndi pulogalamu imene akatswiri awo sakuidziwa ifufutidwe yonse, aikemo zatsopano zokhazokha. Makompyuta a ofesiyo anali odzaza ndi timasewera ndi zina zachilendo zimene anthu ankatengerana pa madisiketi, koma palibe amene anazilemba pa fomu. Pa makompyuta makumi awiri ndi anayi, ya Chrissie yokha ndiyo inaulula mlendo wake.

Lolemba m'mawa Chrissie anayatsa kompyuta n'kuyembekezera mzungu wake wa chimfine kuti amulonjere. M'malo mwake kunalira kanyimbo kosalala kamene sanakamvepo. Anadina kiyi, kenako ina. Anafufuza chingwe cha kabokosi kumbuyo, chinali m'malo mwake. Koma mawu aja sanamveke.

Lazarous anali atagwira ntchitoyo Loweruka, ofesi ilibe anthu. Anabwera akupepesa, natenga disiketi yakale ya Chrissie kuyesa kubwezeramo mawu, koma zatsopano zija zinaikana. Chrissie anayenda yekha, akugwira khoma, mpaka mu ofesi ya Mayi Virginia.

"Bwezani chabe vakale mu yanga," anatero. "Manambala yonse nili nayo. Ni nchito ya maawa yabili."

"Ni lamulo la ku Joni, ba Chrissie. Sinifuna kompyuta yanu itiphere vonse pa Januwale."

"Koma pa fomu panalembewa kuti osagwirako."

Mapepala anatembenuzidwa. "Apa pali dzina na nambala. Kulibe vina."

Kumbuyo kwake, pakhomo, Lazarous anakhosomola. "Pa fomu panalibe malo, ba Chrissie," anatero ndi mawu aang'ono. "Mizere inali ibili chabe."

Mayi Virginia anamulonjeza kuti mawu atsopano adzaitanitsidwa chaka chikalowa, angodikira pang'ono. Anadikira milungu itatu patsogolo pa galasi lodzaza ndi malemba, foni yake itasamutsidwira pa tebulo la wina. Ankafika nthawi yake, ankachoka nthawi yake, ndipo palibe amene ankamusekanso. Kusaseka kwawoko kunamupweteka kuposa kuseka kuja.

Chaka cha 2000 chinalowa. Ndege sizinagwe. Makompyuta onse a pa kampani anadzuka ali bwinobwino, ngakhale aja odzaza timasewera. Mlungu wachiwiri wa Januwale Chrissie anamva pepala likuikidwa mofatsa pa tebulo lake. Nason analiwerenga madzulo ataima pa benchi yake, liwu ndi liwu, chala chikutsata mzere. Kalatayo inkati kwa mwezi wathunthu sanalembe oda ngakhale imodzi, choncho malo ake aoneka kuti ndi osafunikira. Inamuthokozanso chifukwa cha kukhulupirika kwake. Pamenepo Chrissie analira, osati mwa chisoni koma mwa ukali, mpaka wowotcherera wa pafupi anazimitsa makina ake.

Mu Malichi, mvula ikali kugwa, galimoto inaima pa msewu chifukwa cha matope, ndipo munthu anabwera akudumphadumpha zithaphwi. Chrissie anali pakhonde akusenda nyemba. Fodya uja anamuzindikira, ngakhale tsopano anali ataphimbidwa ndi mafuta onunkhira. Lazarous anali atakwezedwa pa ntchito. Ku Joni anachita chidwi ndi fomu yake, yoyamba kufika komanso yokwanira kuposa za nthambi zonse.

Analonjera nthawi yaitali, anafunsa za mwana wawo Tiwo ndi za sukulu yake, anayamikira mipando ya Nason. Kenako anafika pa chimene anadzera. Pulogalamu ya katundu wa m'madepoti inali itayamba kukangana ndi zigamba zatsopano zija, maoda a kumadepoti akusochera. Manambala anali nawo pa fomu, koma zija za pansi pa makadi, zakuti iyi sigwirizana ndi iyi, iyi iyambe, analibe. Mayi Virginia anali atamupatsa mpaka Lolemba.

"Ni imwe chabe mungani thandize, ba Chrissie."

Chrissie anapukuta manja pa chitenje, nalowa m'nyumba. Nason anasiya kupala thabwa. Chrissie atatuluka ndi bokosi lija, analiika m'manja mwa mlendoyo ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Vonse vilimo," anatero.

Chivundikiro chinatsetsereka. Chrissie anamva khadi likutulutsidwa, likutembenuzidwa, likutembenuzidwanso. Lina. Linanso.

"Ba Chrissie, apa ni tumadontho chabe. Ine siniona kanthu."

"Vilipo. Vili pasogolo panu penipeni."

"Niwerengereniko, napapata. Olo makadi yasanu chabe."

"Dikirani," anatero Chrissie, akubwerera pa mpando wake n'kukoka lichero la nyemba. "Chaka chikalowa tizaona. Na ine ninadikira."

Lazarous anayang'anitsitsa makadiwo ndi maso ake awiri abwinobwino. Kenako anaika bokosi pa benchi ya Nason, natsazika ndi mawu amene sanamveke bwino. Pobwerera sanadumphenso zithaphwi.

Wina angaganize kuti mtima wa Chrissie unakhala pansi. Sunatero. Lolemba Lazarous akanapeza njira ina kapena bodza lina, ndipo ngakhale akanachotsedwa, mpando wa Chrissie sukanabwerera. Anatambasula dzanja, napeza bokosi, natulutsa khadi loyamba. Timadontho take tinali titayamba kuphwa chifukwa chowerengedwa kawirikawiri, koma nambala inkamvekabe pansi pa chala.

"Manje tichite nalo bwanji, amake Tiwo?" anafunsa Nason.

Chrissie anakhuthulira makadi onse m'dengu la pafupi ndi mbaula, mmene ankasungira mapepala oyatsira makala, ndipo loyamba lija analiika pamwamba.

"Bokosi likali lolimba," anatero. "Ikanimo misomali."