Kabokosi komwe Mitzi ankagonapo

Kompyuta yatsopano inafika kwathu sabata yomwe azakhali a Elfrieda anabwera kuchokera ku Paraguay. Azakhaliwo anatenga alubamu ya zithunzi zakale, yokulunga m'thaulo, ndipo asanavule n'komwe jasi ananeneratu kuti adzabwerera nayo. M'menemo munali zithunzi za agogo anga aakazi ali mtsikana. Agogowo anamwalira bambo ali mwana wamng'ono, ndipo nkhope yawo bambo ankaikumbukira mwa apo ndi apo.

Nthawi imeneyo bambo anali pakhomo chifukwa cha opaleshoni ya msana. Thiraki yomwe amayendetsa pantchito inali chiimire kuseri kwa nyumba, chipale chofewa chitaikwirira mpaka m'matayala. Choncho ntchito yolowetsa zithunzizo m'kompyuta inagwera iwo.

Amene anakonza kompyutayo ndi achimwene anga a Dallas. Amagwira ntchito pashopu ya matayala ku Brandon, koma mtima wawo uli pa makompyuta, ndipo akayamba kufotokoza sapuma. Tsiku loyambalo, bambo asanaikemo kanthu, achimwene analumikiza kabokosi kakuda kumbuyo kwa kompyuta.

"M'kabokosika muli diski yachiwiri," anatero. "Ndikoperamo zonse za m'diski yam'katiyo, osasiya olo kadontho. Amati kloni. Mapasa enieni. Yam'katiyo ikadzafa mudzangoyatsira iyi, simudzadziwa n'komwe kuti kwagwa maliro."

"Nanga zikafa zonse ziwiri?" anafunsa bambo.

"Ndiye kuti kompyuta sinakuyanjeni, ababa. Mudzabwerere ku thiraki."

Atamaliza kukopera anati kloni yosayesa ndi mphekesera chabe. Anazimitsa kompyuta, anasintha zina zake pasikirini yakuda, n'kuiyatsanso kudzera m'kabokosi kaja. Inayaka chimodzimodzi. Phiri lomwe lija pasikirini, tizizindikiro tomwe tija, chilichonse pamalo pake. Ine ndinaima pakhomo la chipinda kufunafuna kusiyana ngakhale kumodzi, koma sindinakuone. Pomwepo amayi anaitana kuti soseji ikuzizira, tonse tinapita kukadya.

Ndinamaliza sekondale chaka chatha ndipo kugolosale ndimalowa ntchito masana, ndiye m'mawa uliwonse ndinkakhala pakona ya chipindacho ndi tiyi wanga. Bambo ankaika chithunzi pasikana, makina olowetsera zithunzi m'kompyuta, azakhali n'kumatchula mayina a anthu, nthawi zina n'kumakangana okha kuti ayi, uyu si Abram, Abram anali ndi makutu aakulu. Zonse bambo ankaziika m'foda imodzi yomwe anailemba kuti Amayi, kutanthauza mayi awo.

Woyamba kundidabwitsa anali Mitzi, mphaka wathu. Nyengo yozizira iliyonse amagona pabowo lotulukira mpweya wotentha kukhitchini, ndipo sasuntha ngakhale umuponde. Koma tsopano anasamuka. Ankakwera patebulo n'kudzipinda pakabokosi kakuda kaja, ngakhale kanali kakang'ono moti miyendo inkalendewera. Tsiku lina atachoka ndinakagwira. Kanali kofunda ngati dzira loikira kumene.

Kenako ndinayamba kuyang'ana kanyali kake kabuluu. Sikana ikalira, kanyaliko kankaphethira mofulumira. Bambo akaima kuti awongole msana, nako kankakhala phee. Ndinkadzifunsa kuti chinthu chongodikira tsiku la maliro chikutanganidwa ndi chiyani. Mwina mapasa amamverana, ndinaganiza choncho, mwina winayo akamagwira ntchito uyu amangotsatira kutulo. Funsolo ndinkapita nalo kugolosale n'kubwera nalo. Sindinafunse munthu. Ine funso ndimatha kulisunga mpaka litaola.

Azakhali anabwerera kwawo ndi alubamu yawo m'thaulo lomwe lija. Loweruka lotsatira achimwene anabwera chakum'mawa, akununkha labala ndi khofi.

"Lero tikonzanso kloni," anauza bambo. "Tifufuta zakale zonse za m'kabokosi, tiikemo za m'diski yam'kati. Zithunzi za agogo zikhale pawiri."

Anathamangitsa Mitzi, anazimitsa kompyuta, n'kuyatsa pulogalamu yokopera kuchokera pafulashi yawo. Pasikirini panangooneka mayina awiri a madiski, manambala okhaokha. Anasankha yam'kati kuti ikhale yochokera, ya m'kabokosi yolandira. Panatuluka mawu ofiira ofunsa ngati akutsimikiza kufufuta zonse za m'diski yolandirayo.

"Achimwene," ndinatero, mawu anga n'kutuluka aang'ono. "N'chifukwa chiyani kabokosika kamafunda?"

"Mwamva, ababa? Renata walankhula. Chongani pakalendala." Sanatembenuke n'komwe. "Kali pamagetsi, iwe. Chilichonse cha pamagetsi chimafunda. Olo iweyo titakulumikiza ungafunde."

Bambo anaseka. Ndikanatha kusiyira pomwepo, koma funsolo linali litatuluka kale theka.

"Koma kanyali kake kamaphethira ababa akamasikana. Akasiya, nako kamasiya."

Chala cha achimwene chinali pamausi. Sichinadine.

"Kamaphethira bwanji?"

"Sikana ikangolira, mofulumira. Kenako phee. Nthawi zonse."

Anayang'ana kabokosiko. Atayankhulanso, nthabwala zinali zitatha.

"Ababa, tsiku lija titayesa kloni, ndinabwezera kuti iziyakira yam'kati?"

"Ine ndikukumbuka soseji basi," anayankha bambo.

Achimwene anatseka pulogalamuyo osaiyambitsa. Anazimitsa zonse, anazula fulashi, anazulanso chingwe cha kabokosi n'kukaika patali, kenako anayatsa kompyuta payokha. Phiri lija linabwera. Tizizindikiro tija tinabwera. Foda ya Amayi panalibe.

Bambo anadzuka pampando pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana, n'kusendera pafupi ndi sikirini.

"Dallas, amayi ali kuti?"

"Ali m'kabokosi, ababa. Ndikuganiza choncho. Dikirani kaye."

Analumikizanso kabokosiko ndi manja onse awiri, ngati munthu wonyamula mbale yodzaza. Kompyuta inayakira m'menemo, kanyali kabuluu kakuphethira. Phiri lomwelo. Pakona yakumanja, foda ya Amayi. Bambo anawalanda mausi n'kutsegula chithunzi choyamba: mtsikana wopanda nsapato ataima pambali pa ngolo ya hatchi, akutsinzina chifukwa cha dzuwa. Anatsegula chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza.

Masabata onse aja bambo ankagwira ntchito m'kabokosi. Diski yam'kati inali chigonere kuyambira tsiku la soseji, yopanda chithunzi cha agogo ngakhale chimodzi, ndipo ndi imeneyo yomwe achimwene anatsala pang'ono kuikopera pamwamba pa inzake.

"Ndikanadina paja," anayamba achimwene.

"Sunadine," anatero bambo, maso ali pachithunzi.

Ine chinandisautsabe ndi china. "Ndiye kloni ndi iti tsopano? Ya m'kabokosi kapena yam'kati?"

"Lero wadya chiyani iwe?" Achimwene anakanda m'mutu. "Yomwe ili ndi agogo ndiye yeniyeni. Inayo idikire."

Sanakopere nthawi yomweyo. Anapita kugalimoto kukatenga diski yawoyawo, n'kuyamba kaye kusungamo za m'kabokosi popanga chomwe anachitcha imeji. Anati imeneyi ndi fayilo imodzi yaikulu, ngati mtolo womanga, ndipo munthu sungaiyatse mwangozi n'kumakhalamo osadziwa. Itatha, anaitsegula kuti aone ngati agogo alimo. Analimo. Apo m'pamene anakopera za m'kabokosi kupita m'diski yam'kati, ndipo asanadine anandiitana.

"Tawerenga mayinawa mokweza, iwe wa maso. Yochokera ndi iti?"

Ndinawerenga. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

Zonse zitatheka anazula kabokosi n'kukatsekera m'dirowa. Bambo anachotsa phiri lija pasikirini n'kuikapo mtsikana wa pangolo uja.

"M'kabokosi mukhale phiri lomwelo," anatero. "Tsiku lina ndikadzayatsa n'kuona phiri, ndidzadziwa kuti ndalowa nyumba ya eni."

Mitzi anakwera patebulo, ananunkhiza pomwe panali kabokosi paja, anazungulira, n'kutsika kubwerera kukhitchini. Amayi anaitana kuti chakudya chapsa. Achimwene ndi ine tinapita, koma bambo anatsalira, atakokera mpando pafupi ndi sikirini.