Tchati cha Basi ya ku Solgol

Pofika masana a Lamulungu makabichi onse anali atapakidwa tsabola n'kulongedwa m'makontena, ndipo banja la a Bong, m'mudzi wa kumapiri wa Solgol, linakhala pansi mozungulira tebulo lalifupi kudya nyama ya nkhumba yowiritsa ndi kimchi, makabichi atsabola atsopanowo. Eunsil, mtengwa wa pakhomopo, anali ndi manja ofiira mpaka m'zigongono.

"Idya, make Sora," anatero apongozi ake aamuna, akumukankhira mbale. "Ndiwe watipulumutsira basi. Mudzi wonse wamva."

Eunsil ankagwira ntchito ya ziwerengero ku ofesi ya boma la deralo. Khonsolo inkafuna kuchotsa basi yomwe inkakwera kumidzi ya kumapiri kawiri pa tsiku, poti inkayenda yopanda anthu. Isanagamule, inachititsa kafukufuku pakati pa okalamba. Lachisanu Eunsil anapereka lipoti, ndipo patsamba loyamba panali tchati chokhala ndi mzati wautali: okalamba 46 mwa 100 alionse analibe njira ina yofikira kuchipatala koma basi. Msonkhano wa khonsolo unali Lolemba masana.

"Kamtsikana kofunsa mafunso kaja kanatopa nafe," anapitiriza mkuluyo. "Ku holo ya okalamba timakhalako khumi ndi asanu, koma kanagwira asanu. Awa anakasunga ola lathunthu, kukafotokozera bondo lamanzere, kenako lamanja."

"Nanga si kanafunsa?" anayankha akazi awo. "Inu munakauza za mbuzi zomwe zinafa kalekale."

Dalsu, mwamuna wa Eunsil, anaseka mpaka kutsamwa. "Kwathu kutauni, m'nyumba yosanjikizana ija muli okalamba oposa zana, koma ndamva kuti anafunsa awiri kapena atatu. Ena akudandaula kuti boma lawaiwala."

Eunsil anali atanyamula kale nyama pa timitengo todyera. Anaibweza m'mbale. Zimenezo ankazidziwa, chifukwa anakonza dala kuti kumapiri afunse anthu ambiri, kuopera kuti mawu a midzi ing'onoing'ono angamire. N'chifukwa chake dzina la aliyense wofunsidwa linali ndi nambala yake ya kulemera: wa m'tauni ankaimira anzake makumi anayi, wa kumapiri atatu okha. Ndandanda ya manambala kumapeto kwa lipoti anaiwerengetsa ndi kulemera kumeneku. Koma tchati anachijambula mothamanga, ofesi ikutsekedwa, ndipo tsopano sankakumbukira ngati anaiuza pulogalamu ya pakompyuta za kulemerako.

Anapepesa, nakasamba m'manja, n'kutsegula laputopu m'chipinda china. Sizinatenge nthawi. Lamulo lojambulira tchati linangowerenga mitu ya ofunsidwa, aliyense ngati munthu mmodzi. Nambala yoona inali patsamba 31, pomwe palibe khansala akanafika. Anatenga manambala owerengetsedwa bwinowo n'kujambulanso. Mzati uja unafota pamaso pake, kuchoka pa 46 kufika pa 19.

Atabwerera patebulo anawafotokozera zonse, osakometsera.

"Ndiye amene anayankha aja ananama?" anafunsa apongozi aamuna.

"Ayi, bambo. Koma tchaticho chikunena za okalamba a dera lonse. Ine ndachijambula ngati kuti theka la dera lino limakhala kumapiri."

"Wadziwa ndani?"

"Ine ndekha."

"Basitu." Mkuluyo anadzithirira mowa wa mpunga. "Munthu sadzitchera yekha msampha. Iwe sunabe, sunaname. Yalakwa ndi kompyuta."

"Kompyuta imachita zomwe yauzidwa, bambo. Ndinaiuza ndine."

"Amayi a Sora," Dalsu analankhula motsitsa mawu, "ndi tsiku limodzi lokha. Akavota mawa, mudzakonza mkuja. Ndani amawerenga tsamba 31?"

Eunsil anayang'ana apongozi ake aakazi. Lolemba ndi Lachinayi lililonse mayiwo ankakwera basi ya m'mawa kupita kukathowetsa mawondo kuchipatala cha kutauni. Amuna awo anabweza chiphaso choyendetsera galimoto chaka chatha, maso atayamba kuchita nkhungu. Panopa mayiwo ankangopinda tsamba la kabichi, osakweza mutu.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero Eunsil pomaliza. "A kampani ya basi ali ndi owerengera awo. Akapeza kuti tsamba loyamba likutsutsana ndi lakumapeto, adzataya lipoti lonse, ndi mawondo a amayi omwe. Ngakhale asapeze, chaka chamawa ndikadzabweretsa tchati china, ine ndemwe ndidzachikhulupirira bwanji?"

"Sukulu yambiri imapha mudzi," anatero mkuluyo. Anadzuka movutikira n'kutuluka panja, mowa ataumwa theka.

Dzuwa lisanalowe Dalsu anapakira makontena m'galimoto n'kubwerera kutauni. Sanatsanzike ndi nthabwala monga mwa masiku onse. Eunsil anatsala kuti atsuke mabeseni, ndipo atatha anakhalanso pa laputopu. Tchati cha 19 anachisiya patsamba loyamba, poti funso la khonsolo linali limenelo. Pansi pake anajambula china, cholekanitsa tauni ndi mapiri, chilichonse ndi kulemera kwake. Kutauni 14. Kumapiri 71. Pamutu pa mzati uliwonse anaikapo kamzere kosonyeza pomwe nambala yeniyeni ingasewere, ndipo anayambitsa mizati yonse pa ziro. Anafanizira nambala iliyonse ndi ndandanda ija kawiri.

Apongozi aakazi anabwera ndi mapeyala osenda, nasuzumira.

"Wautaliwo ndife?"

"Ndinu, amayi."

"Nanga bwanji osangoika wathu wokhawo?"

"Adzafunsa kuti ndinu angati. Ndalemba pansipa. Simufika zikwi ziwiri."

"Tachepa chonchi?" anafunsa mayiwo. "Ukwati wanga unadyedwa ndi anthu ochuluka kuposa otsala m'mudzi muno."

Eunsil analembera bwana wake uthenga waufupi: kuti tchati cha Lachisanu chinali cholakwika, kuti wolakwitsa ndi iye, ndi kuti chokonzedwa afika nacho m'mawa. Yankho linabwera la mzere umodzi: "Mundipeze mu ofesi musanapite kwina kulikonse."

M'mawa mwake kunagwa chisanu choyera pa minda. Apongozi aamuna sanatuluke m'chipinda, ankangomveka kutsokomola. Eunsil anagwira apongozi aakazi pamkono mpaka pa siteji, ndipo basi itafika anawakankha pang'ono kumsana kuti akwere masitepe. Anakhala mpando umodzi, chikwama cha laputopu chili pamiyendo.

Mayiwo anatembenuka n'kuwerenga okwera ndi chala. "Anayi. Ndi dalaivala, asanu. Usamuike pa tchati chako ameneyo, amalipidwa."

Eunsil anaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali.

"Akaichotsa basiyi, ndizidzabwera kudzakutengani, amayi."

"Usalonjeze, uli ndi ntchito. Ngati ikhalapobe ikatha nkhani ya lero." Anamusisita pabondo kawiri. "Ukakafika, ukawaonetse wautaliwo pang'onopang'ono. Makhansala ndi okalamba ngati ife, saona msanga."

Basi inaima pa mudzi wotsatira. Panalibe munthu, koma dalaivala anatsegula chitseko, nadikira pang'ono, n'kutsekanso.